Chipatala Chilibe Matayala

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti anthu a kwathu anaumva kale. Felesiya, mwana wa mlongo wanga, atandiuza kalekale kuti akufuna kuphunzira kuyendetsa chipatala, ine ndinamva kuti akufuna udalaivala. Musaseke, sukulu ndinalekezera Sitandade folo. Kwa ine kuyendetsa kunali kwa galimoto, njinga ndi ngolo. Atandilongosolera kuti chipatala chilibe matayala, manyazi anangowonjezeka. Mwana wophunzira chotere, wosabaya jakisoni, wosamanga ndi bala lomwe, anthu ndiwauza chiyani? Ndiye ndinangomupatsa udindo ndekha. Kuchokera kwa Mposa mpaka ku Nayuchi ndinkauza aliyense kuti m'mbumba mwanga muli dokotala.

Tsiku loika maliro ake ndinadzuka tambala asanalire. Kudzukako ndikungonena, ndinali nditangotsinzina pang'ono pampando, pamoto wa amuna. Mvula inali itagwa, ndipo m'nyumba ya siwa amayi ankaimbabe, mawu atasasa. Felesiya anatisiya mwadzidzidzi, matenda othamanga magazi, tsitsi litangoyamba kumene imvi. Chisoni chinalipo, koma chondisowetsa mtendere chinali china. Ine malume ake ndi amene ndinayenera kunena mbiri yake pamaso pa anthu. Ndikati anali dokotala, anzake a kuchipatala cha ku Balaka kumene ankagwira ntchito andigwira bodza bokosi lili pomwepo. Ndikanena zoona, mudzi wonse udziwa kuti mdala uyu wakhala akunama zaka makumi awiri.

Kutayera, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda, ena mwa iwo anansi athu achisilamu, mizuli kumutu. Kuseri kwa nyumba nkhuni zonyowa zinkangofuka, amayi akupeta mpunga ndi kusankha nandolo maso ali misozi, sindikudziwa ya utsi kapena ya malirowo. Sitima ya malasha inadutsa ikulira, yaitali ngati ulaliki wa m'busa wathu.

Cha m'ma naini uthenga unafika kuti ambulansi ya anzake a kuchipatala yatitimira pa dambo. Anyamata asananyamuke, tinangoona ikutulukira, anthu ovala zoyera akuikankha, matope mpaka m'mawondo. Pambuyo pake lole yodzaza. Ine ndinkayembekeza mabwana a mataye okhaokha. Koma amene ankatsika anali ophika, okolopa, ochapa, alonda, anamwino, ndi amayi ena oti sagwira n'komwe ntchito kumeneko, anangogonekedwako. Mipando inatha, mphasa zinatha, ena anakhala pa nsapato zawo.

Ndinayamba kuzungulira ngati ndikupereka moni, chonsecho ndinkasaka choti ndikanene. Dalaivala wa ambulansi anandiuza kuti Felesiya analamula kuti galimoto imodzi izikhala ndi mafuta nthawi zonse, kiyi pa msomali, ndipo bwana aliyense asaitenge kupitira kumsonkhano. Mayi wophika anati phala la odwala Felesiya ankayamba walawa yekha, likakhala lamadzimadzi kukhitchini kunkatentha. Mlonda wachikulire anati iye anamuona akuyamba, ali kalaliki wolemba makadi pawindo, Loweruka lililonse ali ndi mabuku, kenako kuyunivesite, n'kubwerako kudzathandizira mkulu wa ofesi mpaka mpandowo unakhala wake. Anati ndiye ankakonza kuti ndani agwire masana, ndani agwire usiku, mankhwala aitanitsidwe asanathe, thanki ya madzi isaume.

Pomaliza ndinapeza dokotala weniweni, wadazi, atakhala pa njerwa akulira ngati mwana.

"Bambo," anatero, "ine ndimang'amba munthu. Koma magetsi akazima mpeni uli m'mimba, jenereta imalira chifukwa mayi awa anaikumbukira dzulo lake."

"Ndiye iwowo sanali adokotala eti?" ndinafunsa ngati sindikudziwa.

"Iyayi, bambo. Madokotala tilipo angapo. Iwowa analipo okha."

Masana dzuwa linatuluka, nthaka n'kuyamba kufuka nthunzi. Mapemphero atatha anaitana wachibale. Ndinaimirira. Mnzanga wina amene timasewera naye bawo ananong'ona mokweza, paja manong'onong'o ake amamveka kutsidya: "Tiuzeni za adokotala athu, achimwene."

Ndinavula chipewa. Ndinati, "Abale, ndisananene mbiri ya malemu, ndinene yanga. Ndakhala ndikukunamizani. Felesiya sanali dokotala."

Anthu anayang'anana. Kenako gogo wina kumbali ya amayi anafuula: "N'chifukwa chake anakana kundizula dzino!"

Anthu anaseka pamaliro, mpaka abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Ine mtima unakhala pansi. Ndinati ndinkayesa ndikumukweza, chonsecho ndinkamubisa. Ndinanena za kiyi wa pa msomali, za phala, za windo la makadi. Ndinati alipo ochiza wodwala, koma aliponso oonetsetsa kuti wochizayo wapeza magolovesi, madzi ndi kuwala, ndipo zimenezo amachita kuphunzira kusukulu, si zongobadwa nazo. Ndinati atsikana amene muli panowa, ngati magazi mumawaopa, musathawe chipatala, khomo lina ndi limeneli. Nditakhala pansi, mlonda uja anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

Ponyamula bokosi panali kulimbirana. Adzukulu ankati ndi ntchito yawo, a kuchipatala ankati mayi ndi awo. Anagwirizana zolandizana. Tinadutsa kanjira ka pakati pa minda, chimanga chitamasula ngayaye, mzere utatalika moti oyamba anafika kumanda omaliza akadali pakhomo. Matope anandivula nsapato imodzi, namwino wina anaizula n'kundiveka atagwada. Tinamuika pafupi ndi amayi ake. Nkhata zinachuluka mpaka mtumbira sunkaoneka.

Madzulo magalimoto anapita, achibale otsala anakagona ku siwa. Kwathu kunali bata, nkhuku zokha zikukangana pa mtengo. Ndinakhala pakhonde ndikupala matope ku nsapato, ndikudzimva kuti lero ndachita chamuna. Akazi anga anabwera ndi madzi otentha, n'kukhala pambali.

"Mwalankhula bwino, bambo," anatero. "Koma musayese kuti Felesiya wamva zachilendo. Ankadziwa kalekale. Akabwera kuno anthu ankamuimitsa panjira kumuonetsa zotupa. Ine ndinafuna kukudzudzulani, iye anandiletsa. Anati, 'Asiyeni amalume, azakhali. Ndi okhawo amene anandikweza pantchito osandifunsa mapepala.'"