Mapazi ndi Mawindo 64

Pa ofesi yolosera zanyengo ankamutcha Mapazi, chifukwa mpando unkamuwotcha. Akakhala mphindi zitatu, wadzuka kale, uku akukanda mutu, uku akusuzumira pakhomo ngati nkhuku yofuna poikira.

Pulogalamu yake yowerengera mvula inkayenda pa makompyuta 64 nthawi imodzi, iliyonse ndi gawo lake. Koma ikayenda maola asanu, imodzi inkapunthwa, zonse gwa, osasiya ndi phazi lomwe. Abwana anali atanena kale: ikapanda kumaliza pofika Lachisanu, abwerera ku pulogalamu yakale, ndipo thukuta lake la zaka ziwiri lithera m'bini.

Ndiye Mapazi anatchera msampha. Anakonza zoti kompyuta ikangopunthwa, iime pomwepo ndi kutsegula yokha dibaga, kawindo koonetsa mzere womwe walakwika. Lachitatu kawindoko kanatsegukadi, koma mwini wake anali panja akuzungulira mtengo. Makompyuta enawo anadikira mnzawo mpaka kutopa, n'kutseka zonse.

Lachinayi m'mawa anavula nsapato n'kupatsa mayi wa pa desiki yoyandikana naye.

"Achemwali, zikhomereni m'dirowa. Ngakhale ndilire, musandipatse."

"Sokosi zobooka chonchi, mlamu wanga amakuonani koma?"

Mapazi anayambitsa pulogalamu n'kukhala pansi, mwendo ukunjenjemera mpaka tiyi kutayikira. Itangokwana 12 koloko, kawindo phwa! Kenako kena, kenanso, mpaka onse 64. Anaiwala kuti imodzi ikagwa, zinazo zimaliranso maliro a mnzawo, ndipo sanalembe manambala pa mawindowo.

"Mwakola mudzi wonse, achimwene," anatero mayi uja. "Wakuba ndi uti?"

Mapazi anayamba kutsegula limodzilimodzi, thukuta kamukamu, podziwa kuti akachedwa zitsekanso. Ambiri ankangoti akudikira mnzawo. La 41 ndi lomwe linanena zina: linagawa nambala ndi ziro, chifukwa choyezera mvula cha kuphiri chinatumiza tsiku lopanda kanthu.

Anakonza mzere umodzi wokha, n'kuyambitsanso. Dzuwa likupendeka, maola asanu anadutsa, pulogalamu ikuyendabe. Abwana anaima kumbuyo kwake, chikwama kukhwapa.

"Imaliza?"

"Yadutsa pomwe imafera, bwana."

"Ndiye mawa muionetse nokha kumsonkhano. Ndipo muime malo amodzi polankhula, musandichititse chizungulire."