Chothethedwa Amabwereza

Ine ndine telala pa Mchinji boma, ndipo vuto langa kuyambira kale ndi mutu. Manja ali bwinobwino, koma mutu umataya zinthu ngati thumba lobooka. Munthu ankabwera ndi chitenje chake cha ku Chipata, n'kunena kuti ukwati uli Loweruka, ine n'kuvomera ndi mtima wonse, kenako n'kukumbuka Loweruka lomwelo nditamuona akutsika pa kabaza atamanga kale tsitsi. Ndiye poti ndine wa mtima wapachala, m'malo mopepesa ndinkayamba ndine kukalipa. Makasitomala ambiri anandithawa chifukwa cha zimenezo.

Chaka chimene amayi anamwalira zinanyanya. Ndinkadula nsalu ya wina pa muyezo wa wina. Tsiku lina magetsi atazima, ndikungoseweretsa foni, ndinaona mtsikana wina wa kunja akuonetsa njira yolembera zochita m'kabuku. Dzina lake la Chingerezi limatanthauza kabuku ka zipolopolo, poti timadontho toyambira mzere kwawoko amatitcha zipolopolo. Kabuku kakeko kanali ndi maluwa ojambula ndi inki zamitundumitundu, moti ndinadabwa kuti mwanayu ntchito yeniyeniyo amaigwira nthawi yanji. Ine ndinangogula kope la ana asukulu pa golosale ndi bolopeni ya buluu.

Njira yake ndi yosavuta. Pamwamba umalemba tsiku. Chochita chilichonse umachiyamba ndi kadontho. Ukachichita umadutsitsa timizere tiwiri pa kadonthopo, kasanduke kamtanda kopingasa. Chikakukanika umaikapo kamuvi koloza kutsogolo, n'kuchilembanso mawa lake. Kulembanso kumeneko ndi kumene kunandichiritsa ine, chifukwa ukalemba diresi la amayi ogulitsa tomato lero, mawa, mkuja, manyazi amakugwira wekha n'kukhala pa makina. Mwezi usanathe, anthu anayamba kupeza zovala zawo zili zosita, zikuwadikira. Ndinasanduka mlaliki wa kope. Aliyense wobwera kudzayezetsa ankamva ulaliki asanavule nsapato.

Nthawi yonseyi mtima wanga unali kumudzi kwathu kwa Dambe, kumene ndinasiya abambo okha m'nyumba. Abambo kwawo ndi ku Dedza. Anabwera ali mnyamata kudzaphunzitsa pa pulayimale, anakwatira amayi, n'kukhala mkamwini m'mudzi mwa akazi awo mpaka imvi. Nyumba ya njerwa zootcha anamanga ndi iwo, pa malo a amayi. Mwambo wa kwathu umati mkazi akamwalira, abale ake amasudzula mwamunayo, kutanthauza kumumasula kuti abwerere kwawo. Koma ku Dedzako alongo awo onse anatha, ndipo otsalawo ndi ana amene sanawaonepo nkhope. Atsibweni, alongo awo a amayi amenenso ndi mwini mbumba, anandiuza chonchi maliro atatha:

"Alamu akhale, akalamba nafe konkuno. Koma akhale akudzisamala okha. Ife munthu wowayang'anira tilibe."

Mawu amenewo ndinawamva bwino. Ndinkadziwanso kuti mwana wa amayi aang'ono, amene anali atangokwatiwa kumene, akamadutsa pa nyumbayo maso ankakhala pa malata.

Ndiye abambo anayamba kuiwala. Anasiya nyemba pa moto mpaka poto kubooka. Lachiwiri lina anavala jekete ndi tayi, n'kukakhala okha pa khomo la tchalitchi kudikira Misa. Chilichonse chotere chinkafika kwa atsibweni dzuwa lisanalowe, ndipo iwo sankakalipa, ankangondiimbira foni n'kundifotokozera mwaulemu kwambiri. Ulemu umenewo unkandiopsa kuposa kukalipa.

Choncho ndinagula kope lachiwiri n'kukwera basi. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Ataona kope nkhope inawala, poti munthu amene wakhala ndi choko moyo wonse sangadane ndi pepala. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi rula yawo yamatabwa, anajambula mzere wa majini m'mbali mwa tsamba, analemba tsiku n'kulidula mzere kunsi. Tinayamba kundandalika: kumwa mankhwala a bipi, kupatsa nkhuku madeya, kuthirira mpiru kudimba, kutunga madzi, kuzimitsa moto. Kadontho kalikonse ankakazungulira bwinobwino ngati akuphunzitsa ana a sitandade wani. Zinthu zinavuta nditafika pa kamtanda.

"Iyayi," anatero. "Chochitika bwino timachonga. Kuthetha n'kwa cholakwa."

"Ababa, iyi si sukulu. Apa kamtanda ndiye kuti mwamaliza."

"Anakuuza ndani?"

"Ndi mmene njira yake ilili. Mukasintha ndiye kuti si imeneyonso."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuseka pang'ono. "Chabwino, aphunzitsi," anatero, ndipo anathetha kadontho ka nkhuku, poti anali atazipatsa kale.

Masabata otsatira anali abwino, kapena ndinene kuti ine ndinkaona ngati ndi abwino. Poto sanabookenso. Atsibweni pa foni anati, "Alamu masiku ano ndi a bize, kope m'thumba ngati a zaumoyo." Nditapita kukawaona ndinapeza nkhuku zitanenepa mpaka kuyenda mopendama, ndowa zonse zili tho ndi madzi, ngakhale beseni lochapira. Pa shelefu panali timapaketi ta mchere tondondozana tokwanira mudzi wonse. Ndinaseka n'kuwafunsa ngati akufuna kutsegula okala. Iwonso anaseka.

Akazi a atsibweni anandikokera pambali. Anati abambo akumapita kudimba m'mawa, n'kubwerera, n'kupitanso, n'kupitanso dzuwa lili paliwombo, moti mpiru wayamba chikasu ndi madzi. Ine magazi anakwera.

"Kodi kulimbikira ntchito kwasanduka matenda? Akakhala pansi mukuti aiwala, akagwira ntchito mukuti apenga. Mukufuna atani?"

Mayiwo anangokonza mpango wawo n'kumapita.

Uthenga unandipeza ndili pa makina, ndikusoka yunifolomu. Abambo agwa pa mjigo, awatengera kuchipatala pa ngolo. Ndinasiya singano ili m'nsalu. Ndinawapeza atagona, chipumi chitatupa, milomo itauma, jekete lawo litapindidwa kumutu. Adokotala anandiuza kuti bipi yawo inatsika kwambiri, ndipo anandionetsa kapepala ka mankhwala kamene anakapeza m'thumba mwa abambo. Anali mankhwala a mwezi wathunthu, mwezi usanafike ndi pakati pomwe, koma munalibe ngakhale m'bulu umodzi.

Atatsitsimuka ndinakhala pambali pa bedi n'kuwafunsa mwakachetechete, chinthu chimene ine sindichidziwa kwenikweni.

"Ababa, mankhwala mumamwa bwanji?"

"Monga unanenera. M'mawa."

"Nanga atha bwanji?"

Anapempha jekete, anatulutsa kope, n'kutsegula tsamba la dzulo lake. Mizere inali yoongoka, zilembo zokongola monga kale, timitanda tili ndandanda kuyambira pamwamba mpaka pansi. Timitanda tina tinali titadutsidwa kangapo mpaka pepala kufuna kubooka.

"Taona," anatero. "Ndikabwera kudimba ndimatsegula kuti ndione chatsala. Ndimapeza pathethedwa."

"Ndiye mumatani?"

"Chothethedwa amabwereza, mwana wanga. Mwana akalakwa samu sapita kwawo asanakonze. Zaka zonse zija ndinkawauza chiyani ana?"

Iwo anapitiriza kutembenuza masamba, ndipo mawu anatsika ngati akuopa kuti wina amva.

"Koma amene akuchonga kope limeneliyu ndi wankhanza. Tsamba lonse, osapezako ngakhale chimodzi? Ine sindinamuchitepo mwana choncho. Ngakhale mbuli yotheratu ndinkaifunira kamodzi koti ndichonge, ipite kwawo ndi mtima. Ndikuyesetsa, mwana wanga. Ukamuuze kuti ndikuyesetsa."

Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa wodi, pamene amayi odikirira odwala amayanika zitenje, ndipo ndinalira mokweza ngati pa maliro. Ndinakwiyira mtsikana wa pa foni uja ndi maluwa ake, ndinakwiyira kope, ndinakwiyira amayi chifukwa chotsogola n'kutisiyira zimenezi. Chimene chinandipweteka kwambiri si mankhwalawo ayi. Chinali choti masabata onse amene ine ndinkayenda monyada pa boma, bambo anga ankadzuka m'mawa uliwonse kukalephera mayeso m'nyumba mwawo momwe.

Atatuluka m'chipatala atsibweni anaitanitsa mbumba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, akazi pa mphasa, amuna pa mipando. Ine ndinabwera nditakonzeka. Ndinati cholakwika chapezeka ndipo n'chaching'ono: tisiya kuthetha, tiyamba kuchonga. Ndinati mankhwala azisunga akazi a atsibweni, ine ndiziimba foni m'mawa uliwonse. Ndinatulutsa ndi kope latsopano lomwe, nditalemba kale tsamba loyamba.

Atsibweni anandisiya ndimalize. Kenako anati:

"Mphwanga, wayankhula bwino. Koma nthendayi sili m'kopemo, ili mwa alamu. Lero ndi pa mjigo, anthu anawaona. Mawa kudzakhala kudimba kopanda munthu, kapena moto. Akadzafera m'manja mwathu, a kwawo adzati tinawasunga bwanji?"

"A kwawo ake ati? Alipo amene anabwera pa maliro a amayi?"

"Alipo kapena palibe, mkamwini ndi mlendo. Ndipo mlendo ndi mame."

Apo ndiye ndinaphulika. Ndinati mame ake ati okhala pamudzi mpaka kuphunzitsa inu nonse kulemba maina anu. Ndinaloza mwana wa amayi aang'ono n'kunena kuti ngati akufuna malata angonena, ndikamugulire ake. Ndinanena zambiri zimene munthu sanena kwa atsibweni ake. Onse anangoyang'ana pansi kudikira kuti mvula ikate, ndipo itakata atsibweni anafunsa funso limodzi lokha: ngati ine ndingasiye makina pa boma n'kubwera kudzakhala nawo. Ndinali ndi ana awiri pa sukulu ndi lendi ya shopu. Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwangako ndiko kunagamula mlandu.

Abambo nthawi yonseyi anali atakhala mowongoka, tayi ili pakhosi, manja pa mawondo. Ndinkaganiza kuti sakutsatira. Koma atsibweni atamaliza mawu osudzula, iwo anaimirira pang'onopang'ono n'kuvula chipewa.

"Alamu, ndamva. Mwandisunga bwino. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi, munandipatsa mkazi, munandipatsa malo. Sindinganene kanthu."

Ndikanakonda akanatukwana. Nkhuku inaphedwa, anthu anadya, ine sindinalawe.

Tinagwirizana kuti ku Dedza sangapite, ndiwatenga ine. Nyumba yanga pa boma ndi ya zipinda ziwiri, m'mbali mwa msewu umene mathiraki opita kumalire amadutsa usana wonse. Kulibe dimba, kulibe nkhuku, khonde lake ndi loti munthu akakhala mawondo amakhala panja. Ndinachotsa ana kuchipinda n'kuwayalira pabalaza.

Tsiku losamuka ndinachita hayala kagalimoto ka pikapu. Tinakweza bedi, mpando wawo wa ndalema, katoni ya mabuku ndi wailesi. Nkhuku anagawira ana a m'mudzimo iwo eni, imodziimodzi, akumuuza aliyense khalidwe la nkhuku yake. Anthu anabwera ambiri kudzatsanzika, ena akulira zenizeni, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Dalaivala akumanga zingwe, atsibweni anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Pali kanthu kena, mphwanga, ndinene lero kuti tisadzakangane pa tsiku loipa. Munthu wosudzulidwa amakagona kwawo. Manda athuwa ndi a mbumba. Uyambiretu kufunafuna abale ku Dedzako."

Ndinalibenso mphamvu zokalipira. Ndinangowayang'ana n'kukakwera galimoto.

Abambo anakhala kutsogolo, pakati pa ine ndi dalaivala. Sanacheuke kuyang'ana nyumba. Anadutsa sukulu yawo, anadutsa mjigo, anadutsa njira ya kudimba. Titafika potulukira mudzi, pamene pali nkhalango ya kumanda, anagwira dzanja la dalaivala.

"Taimani pang'ono, achimwene."

Galimoto inaima. Kumanda salowako munthu wamba popanda chilolezo, ndipo iwo ankadziwa, choncho sanatsike. Anangovula chipewa n'kuyang'ana mitengoyo nthawi yaitali, injini ikulira. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali mbee, opanda chifunga chilichonse.

"Malo anga ndinawaonetsa kale alamu. Pambali pa amako, chakumadzulo, pali kamtengo ka mthethe. Ine mutu wangawu ukuudziwa. Iweyo uziwakumbutsa."

"Ndiziwakumbutsa, ababa," ndinatero.

Anavala chipewa, n'kuuza dalaivala kuti tikhoza kumapita.