Kukatenga Mano a Bambo a Esinati ku Blantyre

Tinanyamuka pa Kachulu kutangocha, ine ndi amuna anga, bambo a Esinati, kupita ku Blantyre kukatenga mano. Inde, mano. Anayi akutsogolo anawagulula ndi chibakera Jailosi, mnyamata wa chipani, padoko anthu akuona, ati chifukwa khadi la chipani amuna anga anali ataiwala m'malaya ena. Jailosi yemwe uja ndinkamubereka kumsana mayi ake akapita kodula mpunga! Chichokereni tsikulo amuna anga anasiya kuseka, anasiyanso kuwerenga mawu kutchalitchi. Akamayankhula ankaphimba pakamwa ngati namwali wamanyazi. Zinandikwana ine. Tinagulitsa mpunga, tinapita kukawayezetsa m'kamwa, ndipo ulendo uwu unali wokatenga mano aja.

Tinakwera lole ya matemba, matambala sikisite munthu mmodzi, kukhala pamwamba pa matumba. Msewu wake maenje okhaokha, fumbi mpaka m'makutu. Mayi wina wageni amene anakhala pafupi nane anandikodola.

“Kodi abambowa ngodwala? Chikwerereni ali duu.”

“Ayi, anagwa panjinga,” ndinatero.

Anawayang'ana pakamwa, kenako ine. “Njinga zake zomwe zija?” Sanadikire yankho, anayamba kukonza duku lake.

Ku Zomba tinafika dzuwa litakwera, tonse tikununkha nsomba. Pakhomo la basi panali anyamata awiri ofunsa makhadi. Amuna anga anatulutsa lawo asanafunsidwe, maso ali pansi, munthu wamkulu, wopalasa bwato pakati pa mafunde osaphethira n'komwe. Mtima unandiwawa koopsa. Basi inali kwacha imodzi ndi matambala twente. Pa Namadzi wogulitsa nzimbe anatikankhira mtolo pawindo, amvekere, “Zofewa, madala!” Zofewa kwa yani? Kale bambowa ankasenda nzimbe ndi mano n'kumagawira ana. Ndinawagulira nthochi.

Kwa dokotala wa mano tinafika masana. Pabenchi tinapeza amuna atatu, aliyense dzanja pakamwa. Wolandira odwala ankawafunsa mmodzimmodzi kuti mano anapita kuti. Woyamba anagwa panjinga. Wachiwiri naye njinga. Wachitatu ankaoneka kuti njinga sanaikwerepo chibadwire, koma naye njinga.

“Chaka chino njinga zalusa,” anatero wolandira odwala uja osadzutsa mutu.

Ndinafuna kukuwa, koma ukuwira ndani?

Dokotala anali munthu waulemu. Anatulutsa kachinthu kofiirira ngati nkhama, kali ndi mano anayi ndi tiwaya tokolowekera ku mano enawo. Pokaika anatiuza kuti kumaiko akunja tsopano amaboola fupa la nsagwada n'kuzikamo kachitsulo, dzino n'kulimangirira pamenepo, losachokanso.

“Ngakhale ndi chibakera?” ndinafunsa.

Amuna anga anandiponda phazi. Dokotala anayang'ana chithunzi chachikulu cha pulezidenti chija chinkapachikidwa m'maofesi onse, napita kukasamba m'manja ngati sanamve.

Kenako anawapatsa amuna anga kalilole. Anadziyang'ana nthawi yaitali. “Mayi a Esinati,” anatero, “mukapanda kusamala andilanda atsikana.” Ndiye anaseka, kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa. Ine misozi chuu, dokotala ali pomwepo, manyazi ndinalibe.

Tinagona kwa mlongo wanga, m'mawa n'kuyamba wobwerera. Kalanga ine, m'basi sindinapume! Anacheza ndi kondakitala, anatsutsana ndi mphunzitsi wina za mitengo ya maukonde, pa Namadzi anagula mandasi n'kumaluma ndi mano akutsogolo mwadala kuti anthu aone. Palole yochokera ku Zomba anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, amayi ageni n'kumavomera. Anandiuza kuti Lamulungu likubweralo akawerenga mawu, zivute zitani.

Dzuwa litapendeka nyanja inaonekera patsogolo. Lole inachepetsa liwiro. Polowera pa Kachulu anali atapingasa mtengo pamsewu, ndipo amene anaima pamenepo ndi chibonga anali Jailosi. Nyimbo inadukira pakati. Ndinangoona amuna anga akuwerama, zala m'kamwa, kenako anandifumbatitsa kanthu konyowa.

“Mangani pansonga ya chitenje,” ananong'ona. “Awa ndi mpunga wa chaka chonse.”

Ndinamanga. Jailosi anaona makhadi athu, natibwezera ndi manja awiri, ulemu wonse.

“Mwayenda bwanji, amayi? Aa, madala, pakamwa pakadali chomwecho? Bwanji osakaikitsa ena kutauni? Amaika masiku ano.”

Amuna anga anaphimba pakamwa n'kuyankha kuti, “Zikomo, tiganizira.”

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo thupi limanditentha. Ulendo uja unandiphunzitsa kuti mano amagulika ndithu, koma china chimene mwana uja anagulula dokotala analibe. Lamulungu amuna anga anawerengadi mawu, anthu n'kudabwa. Mapemphero atatha, tisanatuluke pakhomo la tchalitchi, anandipatsanso mano aja kuti ndimange pachitenje, chifukwa njira yakwathu imadzera padoko.