Chidendene pa Tayala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene atate anamanga njinga yawo yoyamba ya injini. Ankakonza njinga zakapalasa pafupi ndi msika wa ku Nyimba, pansi pa kadenga ka malata anayi, ndipo ntchito imeneyo ankaidziwa bwino. Za injini ndiye ayi. Injiniyo inabwera m'katoni kuchokera ku Lusaka ndi dalaivala wa minibasi, pamodzi ndi kathanki, tcheni chachitali ndi kapepala ka malangizo kolembedwa m'chiyankhulo chimene ngakhale akatekisiti athu anachilephera. Atate anangotsata zithunzi.

Anasankha njinga yakuda yolemera, ija alimi a ku Ndake amanyamulira thonje. Sabata ziwiri zinatha akumanga ndi kumasula. Thanki anaikhazika pa chitsulo chapamwamba, injini pakati pa felemu, tcheni chatsopanocho kumanzere kwa tayala lakumbuyo. Tsiku limene inalira, amayi ogulitsa tomato anasiya mabenchi awo kudzaonerera, utsi wa petulo wosakaniza ndi oilo uli tolotolo. Mabuleki okha sanawasinthe. Anamangitsa timphira takale tija, nazunguza tayala ndi dzanja, nagwira buleki, tayala n'kuima. Kwa munthu wokonza njinga zakapalasa, kuyesa kunathera pomwepo.

Wogula anapezeka njinga isanathe n'komwe. Anali amadamu Chanda, aphunzitsi anga a giredi sikisi, omwe boma linawatumiza kwathu kuchokera ku matauni a migodi. Ankachita lendi ku Nyimba, pomwe sukulu yathu inali kunjira ya ku Ndake, kufupi ndi mudzi wathu, ndipo m'mawa uliwonse ankafika pa njinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu. Njinga anaiphunzira ali wamkulu kale, atabwera kwathu kuno. Ankagwira mahandulo mouma ngati akunyamula beseni lodzaza madzi, ifenso tinkawaseka kuseri.

Tinkawaseka chifukwa ife ana a kumudzi tinaphunzira kupalasa pa njinga zopanda mabuleki. Ukafuna kuima, unkabweza mwendo kumbuyo n'kukanikiza chidendene pa tayala. Mapatapata athu onse anali odyeka mbali imodzi. Palibe amene ankaganiza kuti tsopano ndiime motere. Mwendo unkadziwa wokha.

Loweruka lina atate ananditengera ku bwalo la mpira pamodzi ndi njinga ija. Kuyendetsa anali atandiphunzitsa kale, ndipo ndinali nditanyada nazo sabata yonse.

"Enelesi, kwela," anatero atate. "Uthamange mpaka pa golo ija, ubwele, uime pano pamene nili. Nifuna nione ngati tcheni ikhala bwino."

Ananjuta kumanzere, maso ali pa tcheni. Ndinathamanga katatu, mphepo ikundiliza misozi, ndipo katatu konse ndinaima ndendende pamaso pawo.

"Iima bwino?" anandifunsa.

"Iima, atate."

Sindinaname. Buleki ndinaigwiradi. Koma chimene chinaimitsa njingayo chinali chidendene changa chakumanja, mbali imene atate sankaiona. Fungo la mphira wopserera ndinalimva, n'kumati ndi injini.

Lolemba amadamu Chanda anaitenga njinga yawo. Lachitatu anali kutsika nayo chitunda chimene chimathera pa kamlatho, sukulu isanafike, makope athu atamangidwa pa kaliyala. Kumunsi kunali ngolo ya ng'ombe itatseka njira. Anagwira mabuleki onse awiri, njinga osamva. Anaipatutsa kuti asagunde ng'ombe, nakamenya khoma la kamlathoko ndi phewa lakumanja. Ife tinamva tili pa mzere wa m'mawa, ahedi atalengeza kuti a giredi sikisi tikakhale phee m'kalasi chifukwa aphunzitsi athu awatengera kuchipatala.

Atate anakaitenga njingayo n'kuikankha mpaka ku Nyimba. Timphira ta mabuleki anatipeza titasalala ngati sopo wotha. Anawongola handulo, ndipo Loweruka lotsatira tinabwereranso ku bwalo lija. Ulendo uno anaima kumanja.

"Chita monga mwamene unachitila tsiku lija," anatero.

Ndinapita, ndinabwera, ndinaima. Atate sanayang'ane njinga. Anayang'ana phazi langa.

"Vula patapata."

Ndinavula. Analitembenuza, naona pomwe tayala linadya. Kenako anakweza phazi lawo n'kuyang'ana nsapato yawo yakumanja. Inali yodyeka pamalo omwewo. Anakhala pansi pa udzu.

"Olo nikanakwela ine, sembe nachita chimodzimodzi," anatero pomaliza. "Tiye kunyumba."

Sanandimenye. Kunena zoona ndinkafuna akanandimenya, chifukwa chikwapu chimapweteka tsiku limodzi n'kutha.

Kuchipatala tinapita tonse. Amadamu anali atakhala pa bedi, mkono uli m'chikhakha, nkhope itatupa mbali imodzi. Atate anavula chipewa.

"Amadamu, mulandu ni wanga," anatero. "Sininayese mabuleki mwamene ifunikila."

"Nenze nagwila, aLungu," anayankha aphunzitsi anga motsitsa. "Nagwila na mphamvu zanga zonse, koma siinamvele." Atatero anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati anzanga akuwerenga kapena akungosewera. Dzina langa silinatchulidwe pa nkhani ya mabuleki, ndipo ine sindinalitchule.

Kwa miyezi ingapo atate sanagwirenso injini. Atayambiranso, zinthu zinasintha. Njinga iliyonse ankayamba ndi mabuleki atsopano, injini pambuyo. Ankaimangira matumba awiri a mchenga pa kaliyala, n'kuiyesa okha, poyamba pabwalo, kenako pa chitunda chomwe chija. Ndipo ankakwera opanda nsapato, chifukwa palibe munthu angaike chidendene chosavala pa tayala lothamanga. Anthu ankaseka kuona bambo wamkulu akutsika chitunda zala za kumapazi zili pamtunda, koma iwo analibe nazo ntchito. Wogula aliyense ankayenera kuwaonetsa mmene amaimira asanapatsidwe njinga. Alimi ena a ku Msanzala, cha ku Petauke, omwe anabwera atamva za njingazo, anadandaula kuti aLungu amavuta kuposa apolisi a pamsewu. Ena ankabwerera osagula, atate n'kungowatsanzika bwinobwino.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndimamvetsa chimene chinalakwika. Sikunali kusasamala kwenikweni, pakuti njinga ija inayesedwa katatu. Tinaiyesa ndi matupi athu, omwe anazolowera kubisa zofooka za njinga ife osadziwa, n'kuipereka kwa munthu amene ankakhulupirira kuti buleki ikagwiridwa njinga imaima. Amadamu ndiwo ankakhoza. Woyamba kumene ntchito amaopa chinthu chatsopano, nachiyang'anitsitsa ngati mmene atate anayang'anitsitsira tcheni, koma chimene chimavulaza munthu nthawi zambiri ndi chakale chija, chimene aliyense akuti amachidziwa.

Amadamu Chanda anabwerera kusukulu teremu yotsatira, akubwera pa minibasi n'kumalizitsa wapansi. Fupa linalumikizana, koma mkono sunathenso kukwera kupitirira phewa. Ankalemba kumunsi kwa bolodi kokha, ndipo pakadzaza ankadikira kuti tikopere, n'kufufuta, n'kuyambanso. Okhala kumbuyo ankachita kuimirira kuti aone. Anatiphunzitsanso giredi seveni, ndipo ine ndinkakhala pa desiki yakutsogolo. Chaka chonsecho ndinkakopera zolemba zawo, theka lakumtunda la bolodi lili lakuda, lopanda choko.