Chikhomo chofiira m'munda wa azakhali

Lamulungu lapitali ndinapalasa njinga kupita kwa Maganga kukazonda azakhali anga, a Nachisale. Dambo lonse linali litabiriwira, anthu atawokera kale mpunga. Munda wa azakhali wokha ndiwo unali madzi okhaokha, ndipo pakati pake panali chikhomo chachitsulo chopaka penti wofiira.

Anandiuza kuti mvula isanayambe kunabwera galimoto ya boma. Abambo ena ovala magambuti anakumba, anatapa mchenga wakuda m'timatumba, anakhoma chikhomocho n'kumapita. Moni anapereka mwaulemu, koma chomwe anadzera sananene. Azakhali nawo sanafunse. Kuchokera tsikulo khasu lawo silinagwemo m'mundamo, mbande zikungokalamba pa nazale.

"Boma laika chizindikiro, ine ndikalimemo? Ndili ndi mitu ingati?"

Ndinaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Amenewa ndi mayi wamasiye, akulera adzukulu. Mpungawo ndiye chakudya chawo, ndiye sopo, ndiye mchere.

Mwamwayi, sabata yomweyi komiti yolangiza boma pa za migodi ndi mafuta inali pa msonkhano ku hotela ina ku Senga Bay. Ntchito yawo ndi kukopa makampani akunja kuti adzakumbe miyala ndi mchenga wathu, adzafufuzenso mafuta pansi pa nyanja. Ndinapita nditanola lilime, sindibisa.

Ndinakapeza anthu oganiza bwino. Zonena zawo n'zoona: fodya yekha satifikitsa patali, ndipo ana athu atopa kuzungulira ndi masatifiketi m'manja. Ndani angadane ndi ntchito ikabwera pa Chipoka?

Pa nthawi ya tiyi ndinakokera pambali mkulu wina wa imvi, katswiri wa za miyala, n'kumufotokozera za azakhali. Anaika kapu pansi n'kugwira pakamwa.

"Chija n'chizindikiro chabe cha pomwe tinatapa mchenga. Mgodi, ngati udzakhalepo n'komwe, si wa lero kapena mawa. Chonde kawauzeni amayi alime."

Anati maofesi onse oyenera anadziwitsidwa, ndipo iwo ankayesa kuti uthenga unafika mpaka kumudzi. Ndinamumvera chisoni nayenso. Sanafune kulanda munthu munda.

Mwina muti safunsa anadya phula. Inde. Koma anawaphunzitsa kusafunsa ndani? Zaka zonse za chipani chimodzi, wofunsa galimoto ya boma chomwe yadzera sankagona kunyumba kwake. Matipate abwera dzulodzuloli. Tinavota, tinavina, koma mantha sanachoke ndi voti.

Ndiye inu alangizi, musamati poti anthu ali chete ndiye kuti amva. Mzungu wa kampani mumamufotokozera ndi mapu, mumamuyankha funso lililonse, n'kumuperekeza mpaka pabwalo la ndege. N'zabwino, mlendo amalandiridwa. Nanga mwini munda? Kuima pansi pa mtengo wa mango n'kulankhula Chichewa chomveka kungakuchedwetseni bwanji?

Lachinayi ndinabwerera kwa Maganga ndi uthenga uja. Azakhali anamvetsera, anamanga chitenje, n'kupita kukazula mbande. Zinali zitatalika, zina zitayamba chikasu. Iwo akudziwa, inenso ndikudziwa, kuti chaka chino nkhokwe sidzadza.

Sanatukwane munthu. Ali chiweramire m'matope anangondifunsa funso limene ndikulipereka kwa inu a komiti:

"Tsono tsiku lomwe adzabweredi kudzakumba, adzandiuza okha, kapena ndidzangoona mathirakitala?"