Tinsalu Takuda pa Mbendera ya a Lambros

A Lambros Zervas anafika mumzinda wa Lowell, kutali ndi dziko lakwawo, ali mnyamata, ndipo anakalamba akunyamula mbendera ya bungwe la anthu ochokera kumudzi kwawo ku Girisi. Mnzawo akamwalira, mayi Garifalia, a m'bungwe lomwelo, ankasokerapo kansalu kakuda, kenako a Lambros ankatsogolera bokosi la maliro ndi mbenderayo. Anzawo anatha mmodzimmodzi, mpaka anangotsala awiriwo.

Lamulungu lina, akuisasa fumbi mbenderayo kutchalitchi, a Lambros anaonapo tinsalu tiwiri tatsopano, ndipo anafunsa mayi Garifalia.

"Achemwali, wamwalira ndani ine osamva?"

"Palibe, achimwene. Maso anga akufa. Adzatisokera ndani? Ana athuwa, osadziwa ndi dzina lomwe la mudzi?"

A Lambros anakoka kansalu kamodzi, koma ulusi unali wolimba. Atati aidzutse mbendera ija, kwa nthawi yoyamba inawakanika.