Chimbale Chimene Ndinapachika M'mapira

Chimbale chija ndimachionabe m'maso mwanga. Chinali chopyapyala, chobooka pakati, ndipo ukachitembenuza padzuwa chinkalavula utawaleza. Ndinachipeza m'katoni ya amalume, pansi pa mapepala, ndipo sindinaone chifukwa chofunsira munthu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Pa msinkhu umenewo, chilichonse chowala chimene akulu asiya poyera ndinkati achitaya.

Chinali chaka cha njala kwathu ku Chikweo. Chimanga cha dzinja lapitalo chinapsa ndi ng'amba, ndipo chatsopano nachonso chinafota chisanamasule. Tinkadya nyika zokumba kunyanja ya Chiuta ndi phala la madeya, kamodzi patsiku. Chimene chinawatsalira mayi ndi kandime ka mapira kuseri kwa nyumba, amene anapirira dzuwa n'kuyamba kucha mu Malichi. Koma njala sinagwire anthu okha. Mpheta zinkatera m'mapiramo ngati utsi, ndipo ntchito yoziingitsa inali yanga. Ndinkakuwa, ndinkamenya chitini, mpaka mawu kutha, mutu n'kuyamba kuzungulira.

Ndiye ndinalowetsa luzi pachibowo cha chimbale chija n'kuchimangirira kunsonga ya nsungwi pakati pa mapira. Mphepo itachigwira chinayamba kuvina, kuwala kwake n'kumathamanga pamwamba pa ngala. Mpheta zinabwera, zinazungulira, zinabwerera. Ndinalumpha ndekha m'mundamo, kuseka ngati wopenga. Mayi atabwera anaima manja ali m'chiuno, n'kungoti, "Mwana uyu ali ndi mutu." Sanafunse kumene ndachitenga, ndipo lero ndikuganiza kuti sanafune n'komwe kudziwa.

Amalume, mlongo wawo wa mayi, anali azaumoyo pachipatala chathu chaching'ono. Nyengo imeneyo ntchito yawo inali yoyenda panjinga m'midzi kuyeza ana. Anali ndi kalamba ka mitundu itatu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, kamene ankakulunga pamkono wa mwana aliyense asanalembe dzina m'buku. Atandiyeza ine kanaima pofiira. Ndinanyada tsiku lonse, chifukwa mtundu wofiira ndinkaukonda, ndipo anzanga amene anapeza wachikasu ndinawaseka.

Kenako amalume anapatsidwa kompyuta yopinda ngati buku, pamodzi ndi modemu. Modemuyo inali kabokosi kakuda, kakulu ngati sopo wochapira, kokhala ndi kanyanga komanso polowetsa khadi la foni. Chingwe chake chinali ndi mutu wa mano asanu ndi anayi, koma kompyutayo inalibe pakamwa polandira mano otero, choncho pakati pankalowa kachingwe kena kolumikiza. Akuluakulu a kutauni anali atanena kuti mayina a pamapepala amachedwa m'njira, ena kusokonekera. Tsopano mndandanda wa ana unkayenera kupita pakompyuta, ndipo galimoto yonyamula likuni phala ndi chiponde inkapakira potsatira mindandanda yofika pasanathe Lachisanu. Chipatala chosatumiza chinkadikira ulendo wina, mwezi wathunthu.

Zimenezi ndikuzifotokoza ngati wamkulu. Nthawi imeneyo chimene ndinkadziwa n'choti m'khonde mwa chipatala muli makina olankhula ndi Blantyre popanda waya, ndipo ine, mwana wa mlongo wa mwini wake, ndili ndi ufulu woima pafupi kuposa ana onse.

Lachiwiri amalume analumikiza zingwe ife titawaunjirira. Kanyali ka modemu kanayaka, tonse n'kuombera m'manja. Koma kompyuta inangotulutsa kachizindikiro kachikasu, kunena kuti chinthu chalowachi sikuchidziwa. Anazula, anabwezera, anauzira mpweya m'mano a chingwe. Anasintha pobayira. Kachizindikiro kaja kanali pomwepo. Atawerenga kabuku ka m'katoni anapeza kuti pakufunika dilaiva, osati woyendetsa galimoto iyayi, koma kapulogalamu kophunzitsa kompyuta kulankhula ndi chipangizo chachilendo. Amalume anatifotokozera kuti zili ngati namwino wathu wochokera kumpoto, amene sankamva Chiyao: wodwala alipo, namwino alipo, koma popanda womasulira amangoyang'anana. Dilaivayo, kabukuko kanatero, ali m'chimbale cha m'katoni.

Anakhuthula katoniyo kawiri. Ine pamenepo ndinakumbukira chimbale chija chili kunsonga ya nsungwi.

Ndinabisa nkhaniyo tsiku lonse la Lachitatu, ndikuona amalume akugwada kusuzumira pansi pa makabati. Madzulo dzuwa lisanalowe anabwera kwathu kudzamwa madzi, ndipo ali chiimire pakhonde kuwala kunawamenya m'maso. Anatsata kuwalako mpaka m'mapira. Ndinkayembekeza ndodo. Iwo anangoima pansi pa nsungwi ija nthawi yaitali, akuyang'ana ngala zonenepa zimene mpheta zinazisiya, kenako anati, "Safunsa anadya phula." Anamasula luzi pang'onopang'ono. Mayi anangotola chitini changa chakale n'kukaima nacho okha pakati pa munda.

Chimbalecho chinali chitakhala padzuwa ndi pamvula masabata awiri. Msana wake unali utasupuka, mbali ina ndowe za mbalame zitaumirapo. Kompyuta inachimeza, inalira, inalira, n'kuchilavula. Panalibenso kuchitira mwina koma kupita ku Balaka, kwa aphunzitsi ena amene ankaphunzitsa makompyuta pasukulu ya ku mishoni, mnzawo wa amalume wa kusekondale.

Mayi ndi amene anati ndipite nawo. "Mutengeni, akaone yekha zimene waononga," anatero. Ine chilango chotero ndinachilandira ndi manja awiri. Ndinali ndisanawolokepo Shire. Lachinayi m'mawa amalume anandikweza pakaliyala, kompyuta ili kumsana kwawo m'chikwama chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo pa chitunda choyamba anati, "Iwe ndiye wopepuka ngati nkhuku." Ndinaona ngati akundiyamikira. Ku Ntaja tinasiya njinga n'kukwera lole ya matola. Ndinaona mlatho wa ku Liwonde, madzi ambiri chonchija pamene kwathu chimanga chikupsa, ndinaona njanji, ndipo pofika ku Balaka khosi linkawawa chifukwa chocheuka. Njinga za kabaza zokhala ndi makushoni zinandisangalatsa kuposa sitima imene.

Aphunzitsi anali munthu wamfupi, wa mandala omangidwa ndi waya, wosadziwa kufulumira. Anamva nkhani yonse, anandiyang'ana pamwamba pa mandala, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi, ndipo anatuma munthu kunyumba kwawo. Posakhalitsa kunabwera mbale ya mpunga wa nyemba ndi tiyi wamkaka, zonse kuikidwa patsogolo panga ndekha. Anandiuza kuti ndidye pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti ku Balaka ndi mmene amalandirira aliyense wodziwa kuingitsa mpheta.

Chimbale changa anachitsuka ndi mankhwala otsukira mano, anachipukuta ndi mpango, koma chinakanabe. Dilaivayo akanatha kumukopera pa intaneti, koma waya wa foni ya pasukulupo unali utaduka ndi mphepo sabata yapitayo. Modemu ya amalume ndiyo inali njira yokhayo. "Kuti tipeze dilaiva tikufunika intaneti, ndipo kuti tipeze intaneti tikufunika dilaiva," anatero aphunzitsi, akupukusa mutu. Lachisanu m'mawa wonse anayesa madilaiva a zipangizo zina amene anali nawo m'madirowa. Ena kompyuta inkawakana poyera. Mmodzi inamulandira, ife n'kudzuka pamipando, kenako nkhope yake yonse inasanduka yabuluu n'kuzima.

Nthawi ya mapemphero a Lachisanu inakwana, mawu oitanira kumzikiti akumveka kuchokera kumsika. Amalume, amene chibadwire changa sindinawaonepo akujomba, anayang'ana wotchi n'kukhalanso pansi. Pamenepo m'pamene mantha anandigwira koona. Ndinayamba kulira, ndikuti ndine ndaononga zonse. Aphunzitsi anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe," ndipo anatsegula chikwama chawochawo n'kutulutsa chimbale china cholembedwa ndi cholembera chakuda.

Anawafotokozera amalume kuti m'menemo muli dongosolo lina loyendetsera kompyuta, laulere, limene madilaiva ambiri limabwera nawo kale m'mimba. Zipangizo za chingwe cha mano asanu ndi anayi, anatero, zimalankhula chinenero chakale chimene anthu olemba dongosololi anachisunga. Amalume ankaopa kuti mndandanda wawo ufufutika, koma aphunzitsi anawatsimikizira kuti sakhudza kanthu. Analowetsa chimbale chawocho, ndipo kompyuta itayakanso panatuluka chithunzi cha mbalame yonenepa, yakuda ndi yoyera, yokhala pansi ngati munthu wakhuta. Ndinaiwala kulira. Nyengo yonseyo ndinali mdani wa mbalame, ndipo apa tinkadikira mbalame kuti itithandize.

Aphunzitsi anabaya kachingwe kaja. Pagalasi lakuda panatsika mizere ya timalemba toyera, iwo akuilondola ndi chala, mpaka chalacho chinaima. "Yaiona," anatero motsitsa. Kenako anandikokera pafupi n'kuti popeza mlandu ndi wanga, moni woyamba ndiupereke ndine. Anandisonyeza zilembo ziwiri, A ndi T, zimene modemu iliyonse imazimva ngati odi. Ndinazisaka ndi chala chimodzi, lilime lili panja, n'kudina batani lalikulu. Pansi pake panatuluka zilembo zina ziwiri, O ndi K, zimene sindinalembe ine.

Chisangalalo cha mphindi imeneyo sindinachipezenso kwina. Lero ntchito yanga ndi yolumikiza makina otere m'maofesi, ndipo ndaona zipangizo zambiri zikuyankha, koma palibe chimene chinandidumphitsa mtima ngati kabokosi kaja. Ndinavina pakati pa madesiki. Amalume anaphimba nkhope ndi manja, n'kunong'ona kuti, "Alihamudulila." Aphunzitsi anati, "Ameni," onse awiri n'kuseka.

Kutumiza kunatenga nthawi. Anaika modemu pawindo kuti igwire bwino, ndipo kamzere kosonyeza ulendo wa mndandanda kankayenda ngati nkhono yomwe ija. Kawiri kanaima, ife kupuma osapuma. Dzuwa litapendeka kanafika kumapeto, anthu a kutauni asanaweruke. Aphunzitsi anatsala akukhazika dongosololo m'kompyuta ya amalume kuti azitumiza okha sabata iliyonse ali ku Chikweo, ndipo anawalembera masitepe ake papepala. Ine anandipatsa zimbale zisanu ndi ziwiri zakufa, zoti ndikapachike m'mapira. Ndinazikumbatira njira yonse, ndikudziona mwana wolemera kuposa onse m'Machinga.

Koma chimene ndinkafunitsitsa kukauza mayi si zimbale. Mndandanda usanatumizidwe, amalume anautsegula kuti auonenso komaliza, ndipo ine, amene ndinali nditangodziwa kumene kuwerenga, ndinasuzumira paphewa pawo. Panali mayina ambiri, ena ndikuwadziwa. Pafupi ndi pamwamba penipeni, pamzere wopakidwa mtundu wofiira, panali langa. Ndinakuwa kuti ndadziona. Amalume anatseka msanga, aphunzitsi anavula mandala n'kuyamba kuwapukuta.

Titafika kwathu Loweruka tinapeza mayi ali m'mapira, mawu atasasa, ngala za m'mphepete mpheta zitazipulula. Ndinawathamangira zimbale zikulira m'manja. "Mayi, dzina langa lapita ku Blantyre. Lili pamwamba, pofiira." Anandiyang'ana, anayang'ana amalume, amalume n'kugwedeza mutu kuti lapitadi. Mayi anakhala pansi pomwepo pamzere, anandigwira mkono pamene pankadutsa kalamba paja, zala zawo ziwiri n'kukumana mosavuta, ndipo misozi inayamba kutsika.

Galimoto inabwera sabata yotsatira, ndipo ndinadya chiponde mpaka mapira kukololedwa. Koma tsiku lija m'munda ndinawakwiyira mayi pang'ono. Ndinali nditawoloka Shire, nditalankhula ndi makina n'kundiyankha, dzina langa litaposa a anzanga onse, ndipo sindinkamvetsa chimene munthu angalirire mwana wake atakhala pamwamba.